Fupa, patapata ndi chidole cha m'sitolo: galu akukute chiti?

Ku Chigwa cha Shire galu sadya zaulere. Usiku amalondera khola la mbuzi, masana amaperekeza anyamata kubusa, mapira akacha amapirikitsa anyani, ndipo mwini wake akamatsikira kudimba m'mbali mwa Shire iye amakhala ali patsogolo. Nkhani yomugulira chidole, pamene ndalama ya kuchigayo ikusowa, ambiri angaimve ngati ya anthu a kumpanda ku Namiwawa. Zidolezo zilipo ndithu m'masitolo akuluakulu a ku Blantyre: mafupa a nayiloni, mipira ya labala, zingwe zopota zamawangamawanga. Zina zimafika m'zikwama za abale ochokera ku Joni, zina zimatulukira m'belo la kaunjika. Makomo amene ali nazo ku Nchalo, ku Ngabu kapena pa boma ku Nsanje ndi owerengeka. Koma funso lakuti galu angatafune chinthu cha pulasitiki kapena cha labala osavulala ndi la khomo lililonse, chifukwa galu wa kuno anayamba kalekale kutafuna zopangidwa kufakitale. Palibe anamugulira, amangodzitolera: patapata woduka, legeni logwa pa kabaza, botolo la pulasitiki, chidutswa cha neti ya udzudzu, jumbo imene munali kanyenya.

Zimene timakhulupirira pa nkhaniyi sizinachokere m'mutu chabe. Makolo athu aweta agalu zaka zosawerengeka ndipo zambiri anaziona bwino. Kungoti dzala la lero si la dzana. Kale galu akafukula kudzala ankapeza makoko, minga ya nsomba ndi mapale, lero akupeza zinthu zimene mimba yake singagaye ngakhale zitakhalamo chaka.

Kagalu kakatafuna nsapato chiweruzo sichichedwa: n'kamwano, n'kakuba, kapena sikakukhuta. Kenaka chikwapu. Komatu kagaluko kamakhala kakumva zimene khanda limamva likamamera mano. Kamabadwa kopanda dzino, pofika masabata 8 kamakhala ndi mano oyamba 28, ndipo cha pa miyezi 4 manowo amayamba kuguluka kuti atuluke a ukulu, amene ndi 42. Ntchitoyi imatha kakamakwanitsa miyezi 7. Nthawi yonseyi nkhama zimanyerenyetsa, ndipo mpumulo kamaupeza poluma chinthu chofewa pang'ono koma chosagonja msanga. Patapata ndi wotero ndendende, komanso amanunkha phazi la munthu amene kagaluko kamamukonda. Kukamenya madzulo chifukwa cha nsapato imene kanatafuna m'mawa sikukaphunzitsa kanthu, kamangophunzira kuopa dzanja lanu. Galu wamkulu nayenso amatafuna, makamaka amene amaswera pa tcheni wopanda chochita. Kutafuna sitingakuletse. Chimene tingasankhe ndi choti atafune.

Apa akuluakulu amayankha msanga. "Mwanawe, galu ndi fupa. Unamvapo kuti galu wafa ndi fupa?" Mawu awa si opanda pake. Galu ali ndi mano odulira nyama ndi ophwanyira, asidi wa m'mimba mwake ndi waukali, ndipo tizidutswa ting'onoting'ono ta fupa laliwisi timasungunuka. Agalu ambiri a m'midzi amadya mafupa mpaka kukalamba. Koma mafupa sali ofanana. Fupa likaphikidwa kapena kuwotchedwa limauma, ndiye galu akaliluma silinyenyeka, limang'aluka m'litali n'kusiya nsonga zakuthwa. Mafupa a nkhuku yokazinga ndi nthiti za mbuzi za pachiwaya, zimene agalu amadikirira kunsi kwa benchi pa Dyeratu kapena pa Bangula, ndi amtunduwu. Nsonga zija zimatha kubaya kummero, kupingasa pakati pa mano a kumtunda, kapena kuwunjikana kumapeto kwa matumbo galu n'kumalephera kuchita chimbudzi masiku angapo. Kuno tiwonjezerepo mlamba wowamba, umene uli ndi minga iwiri yolimba m'zipsepse za pafupi ndi mutu.

Ngakhale mafupa okutidwa m'mapaketi okongola ali ndi vuto lomweli. Mu 2017 bungwe la boma la America loona za zakudya ndi mankhwala, FDA, linalengeza kuti kuyambira 2010 linali litalandira madandaulo pafupifupi 68 okhudza agalu pafupifupi 90 amene anadwala atadya mafupa owamba ogulidwa m'masitolo, ndipo pafupifupi 15 mwa iwo anafa.

Nanga bwanji ife sitimva kuti galu wafa ndi fupa? Chifukwa galu akafa m'mudzi sang'ambidwa kuti tione chamupha. Timangoona kuti wasanza, wakana nsima, wagona kuseri kwa nkhokwe, ndipo patapita masiku wafa. Pamenepo mawu amene amatuluka ndi amodzi: "Amudyetsa tameki." Maso amatembenukira kwa woyandikana naye nyumba amene anadandaulapo za nkhuku zake, ndipo mabanja awiri amaleka kupatsana moto. N'zoona kuti agalu amaphedwa ndi poizoni, koma tameki sachedwa. Galu amene wadya tameki amayamba kuchucha dovu, kunjenjemera thupi lonse, kusanza ndi kutsekula m'mimba pasanathe ola, ndipo imfa imafika tsiku lomwelo. Galu amene watsekeka matumbo amadwala pang'onopang'ono: lero wasanza, mawa wamwa madzi n'kuwabweza, mkuja mimba yayamba kuwawa mukaigwira, maso alowa m'kati. Imfa yotenga masiku atatu kapena asanu kawirikawiri si ya tameki. Zimandipweteka kuganiza kuti pali anthu amene anavekedwa mlandu wopha galu pamene chomupha chinali chidutswa cha labala chimene anameza pakhomo pawo pomwe.

Munthu amene wamva kuopsa kwa fupa lophika n'kukalowa m'sitolo amakumana ndi chikhulupiriro china, ndipo ichi ndicho chimandidetsa nkhawa kwambiri chifukwa chimaoneka chanzeru. Ndalama n'zosowa, ndiye pogula chilichonse timafunsa kuti kodi chilimba. Ndowa, khasu, tayala la njinga, chabwino ndi chimene chikhalitse. Muyezo womwewo timautengera pa chidole cha galu, ndipo opanga amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake pa mapaketi ena amalembapo kuti chinthucho galu sangachiphwanye. Koma galu akaluma ndi mphamvu zake zonse, chimodzi mwa ziwirizo chiyenera kugonja. Chidole chikakana, limagonja ndi dzino.

Ngati galu wanu ndi wofatsa ndipo analandira katemera, tukulani mlomo wake wa kumtunda chakumbuyo, kunsi kwa diso. Muona dzino lalikulu kuposa anzake onse a m'mbalimo, lansonga, lotambalala. Limadutsana ndi lina la m'munsi ngati sizasi, ndipo ndi limene galu amadulira nyama. Akamakukuta chinthu cholimba amachikankhira pamenepo, kupendeketsa mutu, kutsinzina pang'ono, n'kufinya. Chinthucho chikapanda kugonja, mbali ya kunja ya dzinolo imabenthuka, nthawi zina mpaka kusiya kadontho kofiira kapena kakuda pakati. Kadonthoko ndi mtsempha wa dzino umene wakhala pamtunda. Galu sadandaula. Amapitiriza kudya, kungoti amatafunira mbali inayo. Pakapita milungu kapena miyezi, majeremusi akatsika mpaka ku muzu, mumangoona chotupa kunsi kwa diso, chikuphulika, kutuluka mafinya, kupola, n'kubweranso. Ambiri amati walumidwa ndi mnzake kapena wabayidwa ndi munga kuthengo, amapaka mankhwala pa balalo, koma gwero lili m'kamwa, ndipo silitha pokhapokha dokotala atalikonza dzinolo kapena kulizula. Madokotala a mano a ziweto akafunsidwa chimene chimathyola dzinoli amatchula zinthu zomwezomwezo: fupa la mwendo wa ng'ombe, nyanga, ziboda, miyala, ndi mafupa a nayiloni yolimba.

Nayiloni anaitulukira Wallace Carothers mu 1935 ku kampani ya DuPont, ndipo kampani ya Nylabone inayamba kupangira agalu mafupa a nayiloni mu 1955. Ndi nayiloni ya mtundu womwewo ndi ya maukonde a asodzi a ku Elephant Marsh, kungoti yaumbidwa chibuma. Opanga fupali amanena poyera kuti si chakudya: tizidutswa tosaposa njere ya mpunga ndi timene tingadutse m'mimba popanda vuto, ndipo nsonga zikadyeka fupalo litayidwe. Mukaligwira fupa lotere patapita milungu galu akulikukuta, mupeza kuti kunja kwake kwanyankhalala, kwatuluka timinga tating'ono tokanda dzanja. Pang'ono chabe timathandiza kupala mano. Tikachuluka timacheka nkhama, ndipo mumaona timadontho ta magazi pa fupalo. Kwa galu wongonyambita ndi kukukuta mofatsa, nayiloni ikhoza kumutumikira bwino. Kwa galu wofinya ndi mano a kumbuyo, monga agalu akuluakulu olondera amene anthu akugula masiku ano, ine sindingamupatse.

Pali muyezo wosafuna ndalama umene madokotala amaphunzitsa. Dinani chinthucho ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Chikhadabo chikalowa pang'ono n'kusiya chizindikiro, dzino silili pa ngozi. Chikaterereka osasiya kanthu, chinthucho n'cholimba kuposa zimene dzino lingapirire. Ena amanena mwa njira ina, kuti chimene simungalole kuti munthu akugogodeni nacho pa bondo musampatse galu.

Chidole cha labala chodziwika kwambiri padziko, chotchedwa KONG, chinabadwa chifukwa cha vuto lomweli. Joe Markham wa ku Denver m'chigawo cha Colorado anali ndi galu dzina lake Fritz amene ankatafuna miyala mpaka mano kumaperepeseka. Tsiku lina akukonza galimoto ya Volkswagen, galuyo anakopeka ndi chidutswa cha labala cha kunsi kwa galimotoyo, n'kusiya miyala. Markham anatenga maonekedwe amenewo n'kuyamba kugulitsa chidolecho mu 1976. Chimene ankafuna sichinali chinthu cholimba kuposa mwala, koma chinthu chimene chimalowa galu akaluma n'kubwerera akasiya. Chidolecho ndi champhako, ndipo mukhoza kukanikizamo mkute ndi tinsomba topanda minga kuti galu ataye nthawi akuchotsa. Chili ndi mabowo awiri, ndipo zimenezi zili ndi chifukwa chake: chidole champhako chokhala ndi bowo limodzi chimatha kuyamwa lilime la galu n'kuligwira mpaka kutupa. Mukagula chilichonse champhako, ngakhale chotchipa, werengani mabowo.

Komabe ngakhale labala wabwino sakhala mpaka kalekale, ndipo kuno amakalamba msanga. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha ku Ngabu ndi ku Nsanje kumaposa madigiri 40. Mayi aliyense amene anasiyapo beseni la pulasitiki pabwalo miyezi ingapo amadziwa chimene dzuwa limachita: mtundu umasuluka, m'mphepete mumayamba kuthetheka, ndipo tsiku lina mukalinyamula limangosweka. Kuwala kwa dzuwa kumadula timaulusi tosaoneka timene timagwira pulasitiki ndi labala pamodzi. Chidole chimene chinali chabwino mu Juni chikhoza kukhala choopsa mu Novembala osasintha maonekedwe kwenikweni. Muzichipinda ndi manja sabata iliyonse. Mukaona timing'alu, kapena chikayamba kumata m'manja, kapena pakasowa chidutswa, nthawi yake yatha. Muzichitsuka ndi sopo n'kuchisunga pamthunzi. Mchenga nawo uli ndi gawo lake. Mpira wa tenisi ukanyowa ndi malovu umatola mchenga mu ubweya wake, ndipo galu woutafuna tsiku ndi tsiku amaperepesa mano a kutsogolo. Pa kukula kwa chidole, lamulo ndi limodzi: chisathe kulowa chonse m'kamwa. Chidole chimene chinkayenera kagalu ka miyezi 3 chichotsedwe galuyo akakula.

Ena amaima mbali inayo, amati pulasitiki yense ndi poizoni ndipo galu woitafuna adzafa ndi mankhwala ake. Mantha amenewa ali ndi poyambira. Mu 2013 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Texas Tech, Kimberly Wooten ndi Philip Smith, anasindikiza kafukufuku woonetsa kuti zinthu zina za pulasitiki zophunzitsira agalu zimatulutsa mankhwala otchedwa BPA ndi phthalates zikanyowetsedwa m'madzi opangidwa mofanana ndi malovu. Ndi chifukwa chokwanira chopewera zidole za pulasitiki yofewa yonunkha kwambiri, zopanda dzina la wopanga. Koma chimene chimapha agalu ambiri si mankhwala otuluka pang'onopang'ono ayi, ndi chidutswa chomezedwa. Ndipo poizoni weniweni wa kuno ali m'botolo limene munali mankhwala opopera thonje kapena ophera nkhupakupa, limene latayidwa kuseri kwa nyumba kagalu n'kulitola. Botolo lotero lisasiyidwe poyera ngakhale litatsukidwa. Zidole za ana za pa kaunjika nazonso si za galu: zili ndi timaso tomatidwa, tikhweru tolira ndi thonje la m'kati, ndipo zina zili ndi timabatire tozungulira timene tikamezedwa timawotcha kummero m'maola ochepa. Chidutswa cha tayala la galimoto chimaoneka cholimba ndi chotchipa, koma matayala ambiri ali ndi waya m'kati.

Mwa zonse zimene galu amatola pabwalo, zoopsa kwambiri ndi zimene zimaoneka zosaopsa: zazitali ndi zopyapyala. Legeni, chingwe cha nayiloni cha pa thumba la feteleza, ulusi wa ukonde, mzere wa neti ya udzudzu imene inasanduka mpanda wa dimba. Munthu amaganiza kuti chinthu chofewa chonchi chingodutsa. Chimene chimachitika n'chakuti nsonga imodzi imakodwa, kaya kunsi kwa lilime kaya potulukira m'chifu, pamene inayo yapitirira kulowa m'matumbo. Matumbo amayesetsa kukankha monga mwa ntchito yake, koma poti chingwecho chagwidwa kumtunda, matumbowo ndi amene amakwinyika mokwera chingwe. Chingwe chimakungika, n'kuyamba kucheka khoma la matumbo m'malo angapo nthawi imodzi. Za m'matumbo zikatayikira m'mimba, galu sakhalitsa. N'chifukwa chake mukaona chingwe chikulendewera kumbuyo kwa galu pochita chimbudzi, musachikoke. Dulani chimene chatuluka, chotsalacho muchisiye, ndipo mukauze a vetenale. Mukakoka mumakhala mukucheka ndi dzanja lanu. Chimodzimodzi galu amene wameza mbedza yokhala ndi nyambo padoko: chingwe chotulukira kukamwa chisakokedwe. Zingwe zopota zogulidwa m'sitolo zili ndi vuto lomweli zikayamba kumasuka, choncho ndi zoseweretsa muli pomwepo, osati zomusiyira galu usiku.

Tisaganizenso kuti chilichonse chochokera m'munda n'chabwino chifukwa si cha kufakitale. Chitsononkho cha chimanga chowotcha ndi chimodzi mwa zinthu zimene madokotala amachotsa kawirikawiri m'matumbo a agalu. Sichigayika, ndipo kukula kwake n'kokwanira kudutsa kummero koma kosakwanira kudutsa m'matumbo. Njere ya mango imachitanso zomwezo, ndipo nyengo ya mango imagwa mbwee pabwalo lililonse. Chikopa chouma cha ng'ombe galu akachimeza chachikulu chimafufuma. Ndipo mutu wa mbuzi imene inkazungulirazungulira isanafe usaperekedwe kwa galu uli wauwisi. Nthawi zambiri mu ubongo mwake mumakhala kathumba ka madzi kamene ndi mwana wa nyongolotsi. Galu akadya, nyongolotsiyo imakulira m'matumbo mwake, mazira amagwera pa msipu, ndipo mbuzi zina zimadwala.

Ndiye wopanda ndalama ya chidole apatse chiyani? Kwa kagalu komera mano, nsalu yokhuthala yomangidwa mfundo zazikulu n'kuviikidwa m'madzi ozizira a mumtsuko imatonthoza nkhama, bola muli pafupi ndipo muichotse ikayamba kunyenyeka. Kwa galu wamkulu, ngati mwasankha fupa, likhale laliwisi, la nyama yoyezedwa, lalikulu kuposa kamwa lake, lokhala ndi minofu ndi mitsempha yoti azing'amba. Akamaliza nyama n'kuyamba kulimbana ndi fupa lenilenilo, lichotseni pomusinthanitsa ndi chakudya china, osati pomulanda. Ndi kutentha kwa kuno fupa laliwisi lisagone. Ndipo kusesa pabwalo madzulo, kuchotsa zingwe, zitsononkho ndi mabotolo, kumateteza galu kuposa chidole chilichonse chodula.

Pali chikhulupiriro chimodzi chimene chimaika pa ngozi munthu, osati galu yekha, ndipo ndikupempha kuti ichi chikafike kwa ana. Galu akayasama kukamwa osatha kutseka, dovu likuchucha, akulephera kumeza, akutsokomola modabwitsa, pafupifupi aliyense amati fupa lamutsamwa. Chifundo chimatigwira, n'kulowetsa dzanja kuti tilichotse. Koma umu ndi mmenenso chiwewe chimaonekera. Tinazolowera kuganiza kuti galu wachiwewe ndi wolusa, wothamanga m'mudzi n'kumaluma aliyense. Ulipo mtundu wina wa chiwewe umene galu amakhala chete, nsagwada ndi kummero zikufa ziwalo, ndipo amaoneka ndendende ngati watsamwidwa. Kachilombo kamakhala m'malovu. Dzanja lokhala ndi kabala kakang'ono, kaya ka mpeni kaya ka munga, likalowa m'kamwa mwa galu wotero, munthu akhoza kutenga matenda osalumidwa n'komwe. Galu amene fupa lamupingasadi amakanda kukamwa ndi miyendo ya kutsogolo, amapukusa mutu, ndipo vutolo limayamba mwadzidzidzi ali pakati pa kudya. Galu wachiwewe amakhala atasintha khalidwe masiku angapo m'mbuyomo: wofatsa kuyamba kukwiya, wochangamuka kuyamba kubisala, mawu kusasa, nthawi zina kutafuna dothi, timitengo ndi miyala zimene sankatafuna. Koma kusiyanitsa kumeneku si koti munthu akudalire ndi moyo wake. Mutsekereni galuyo pamalo pamene ana ndi ziweto sizifika, ndipo muitane alangizi a ziweto.

Izi sizikutanthauza kuti kagalu kalikonse kotafuna zinthu kali ndi chiwewe, monga ena amaopera mpaka kupha tiagalu tosalakwa. Kagalu kamene kakudya bwino, kakusewera, kakukugwedezerani mchira, kakungomera mano. Chimene chimachotsa nkhawa ndi katemera. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20, potsata muyezo wakuti agalu 70 mwa 100 alionse akabayidwa matendawa amaleka kufala. Tsiku la 28 Sepitembala chaka chilichonse ndi lokumbutsa za chiwewe padziko lonse, koma katemera akalengezedwa m'dera lanu mwezi wina uliwonse, tengani galu ndi tiana take tomwe. Munthu akalumidwa, kapena malovu a galu wokayikitsa akakhudza bala, bungwe la WHO limalangiza kutsuka malowo ndi sopo ndi madzi oyenderera kwa mphindi 15, kenaka kupita kuchipatala tsiku lomwelo, kaya cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje kaya chilichonse chapafupi. Zizindikiro za chiwewe zikayamba mwa munthu, sachira.

Galu akameza chinthu, ambiri amathamangira botolo la mafuta ophikira kuti chiterere chituluke. Mafuta sasuntha chitsononkho chimene chatsekereza matumbo, ndipo mukamumwetsa mokakamiza akhoza kulowera m'mapapo. Mchere wosanzitsa ndi woopsa pawokha, ndipo chinthu chakuthwa chikamabwerera chimabaya kachiwiri. Mankhwala a anthu opha ululu, monga bufeni, amawononga chifu ndi impso za galu. Ngati chomezedwacho chinali chaching'ono ndi chosalala, ndipo galu akudya ndi kusewera, mudyetseni monga mwa nthawi zonse n'kumayang'ana chimbudzi chake masiku awiri kapena atatu. Akasanza kangapo, akakana chakudya, akabweza ngakhale madzi, akamapinda msana kapena kulira mukagwira mimba, musadikirenso. Ndi kutentha kwa kuno galu wosanza amatha madzi m'thupi mofulumira kwambiri.

Alangizi a ziweto a m'dera lanu ndiwo oyamba kuwafikira, ndipo akhoza kuona ngati vutolo n'lofuna opaleshoni. Opaleshoni yotere imafuna dokotala ndi zipangizo zimene zimapezeka mosavuta ku Blantyre, kumene kuli zipatala za ziweto kuphatikizapo cha bungwe la BSPCA. Kuchokera pa boma ku Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50 kukwera mapiri, ndipo kuchokera ku Nsanje ndi pafupifupi 180, choncho ulendowo uganiziridwe tsiku loyamba kapena lachiwiri matumbo asanayambe kuwola. Panjira musamudyetse, muikeni pamthunzi, ndipo munyamule chotsala cha chinthu chimene anatafuna kuti dokotala aone kukula kwa chidutswa chimene chikusowa.